Amayi akagwa ali okha m'nyumba, ndani angamve?

Funso: Amayi anga ndi a zaka 78 ndipo amakhala okha ku Leeds, ku Britain. Posachedwapa anagwa m'bafa n'kugona pansi mpaka kunja kunacha. Ndamva za alamu yovala m'khosi. Imagwira bwanji ntchito? — Wowerenga wa ku Manchester

Yankho: Pepani ndithu. Alamuyi ili pawiri: kabatani kovala m'khosi kapena pamkono, ndi kabokosi kolumikiza kumagetsi. Amayi akadina kabatanika, kabokosi kamaimbira likulu komwe anthu amayankha usana ndi usiku. Iwowo amalankhula nawo pa sipika, kenako n'kuimbira wachibale kapena 999, nambala yoitanira ambulansi.

Chimene chimalepheretsa kwambiri n'chakuti okalamba amavula kabatanika posamba, pomwe kubafa n'kumene kumaterera. Mabatani ambiri salowa madzi, choncho azisamba atavala. Alipo ena odziliza okha munthu akagwa, koma amamva kugwa kwamwadzidzidzi basi. Wotsetsereka pang'onopang'ono kuchoka pampando sangamumve. Auzeni azidinabe ngati angathe.

Panja pafupi ndi chitseko ikani kabokosi ka makiyi kotsegula ndi nambala, ndipo nambalayo muipereke kulikulu. Kupanda kutero, obwera kudzathandiza angafunike kuthyola chitseko.

Musaiwale za foni, poti kabokosi ka alamu kamaimbira likulu pa foni. Ku Britain mizere yakale ya telefoni ikutsekedwa pofika Januwale 2027, ndipo yatsopanoyo imazima magetsi akazima. Sankhani kabokosi ka alamu kokhala ndi SIM khadi komanso batire lake. Yambani kufunsa ku khonsolo ya dera lawo, ndipo alamuyo muziiyesa kamodzi pamwezi.