Mafunso anu: za sitima, njanji ndi siteshoni yakale ya ku Nsanje

Sabata ino mafunso atatu onse abwera okhudza sitima, ndiye ndangowaika pamodzi.

Loyamba lachokera kwa aphunzitsi ena a pulaimale ku Bangula. Akuti anauza ana kuti alembe za siteshoni yakale ya sitima ya pa Nsanje, ena alemba "agogo ankakwera njanji", ena "agogo ankakwera sitima", ndiye akufunsa kuti achonge ati.

Aphunzitsi, chongani a sitimawo. Njanji ndi zitsulo ziwiri zoyalidwa pansi zija, sitima ndi imene imayenda pamwamba pake. Munthu atha kunena kuti "tinayenda ulendo wapanjanji" monga momwe timanenera ulendo wapamsewu, koma msewuwo palibe amaukwera. Komabe ana enawo musangowathetha n'kuwasiya, afotokozereni, chifukwa kunoko kuchigwa nkhani ya mawu amenewa ndi yathuyathu. Sitima yoyamba imene makolo athu anaiona sinali ya panjanji ayi, inali ya mu Shire. David Livingstone analowa nayo mumtsinjewu mu 1859, kenako zinabwera za kampani ya African Lakes zonyamula anthu ndi katundu mpaka pa Chiromo ndi pa Katunga kufupi ndi Chikwawa. Azungu ankazitchula steamer, ife tinamva sitima. Ndiye madzi a mu Shire atayamba kuchepa, sitimazo kumatitimira mumchenga, a Shire Highlands Railway anayala njanji kuchokera pa Port Herald, pamene lero timati pa Nsanje, kudzera pa Chiromo kukafika ku Blantyre mu 1908, ndipo chinthu chofuka utsi chimene chinabwera panjanjipo anthu anangochipatsa dzina lomwelo n'kuwonjezera kuti yapamtunda. N'chifukwa chake mpaka lero timati sitima yapamtunda ndi sitima yapamadzi. Mwana wa ku Bangula zimenezi ayenera kuzidziwa kuposa wa ku Kasungu.

Pomwepo ndionjezereko, ana akamalemba za nthawi ya atsamunda alembe Port Herald monga momwe lilili, kenako anene kuti ndi pa Nsanje lero. Ndipo ndi Chiromo, osati Chilomo, pakuti pambuyo pa i ndi e timalemba r. Bangula ali ndi l chifukwa akutsatana ndi u.

Lachiwiri ndi la mayi wina wa ku Marka: "Zikachuluka timati sitima ziwiri kapena masitima awiri?" Mayi, zonse ziwiri zimamveka ndipo palibe cholakwa, bola mgwirizano usasokonekere. Sitima ziwiri zafika, masitima awiri afika. Chokana ndi "masitima ziwiri". Ine polemba ndimakonda sitima ziwiri.

Lachitatu ndi limene landikhudza kwambiri. Mnyamata wina wa ku Makhanga akuti analemba pa Facebook nkhani ya ali mwana, mmene "anaphonyera sitima" ya ku Limbe, ndipo amalume ake atawerenga anamuuza kuti chimenecho si Chichewa. Akufunsa kuti kodi amalumewo akunena zoona?

Achimwene, amalume anu akunena zoona ndithu. Kuphonya timaphonya mbalame ndi legeni, timaphonya golo, kutanthauza kuti walasa koma sunamenye. Sitima siulasa. Iyo imafika, imaima, imalira, imanyamuka, iwe ukachedwa imakusiya. "Sitima inandisiya", basi. Chimodzimodzi "kugwira sitima" kumene ndikukuona kwambiri masiku ano, zimenezo ndi Chingerezi chovekedwa malaya a Chichewa, ife timakwera sitima, tikafika timatsika. Tikiti timadula. Chokoka chija ndi mutu wa sitima, zokokedwazo ndi mabogi, ndipo munthu akati "tinakhala bogi yakumapeto" aliyense amene anayendapo ulendo wa Limbe mpaka Makhanga waona kale chithunzi chonse, matumba a chimanga m'kanjira, madengu a mlamba wowamba ochokera kudambo akununkhira bogi yonse, amayi a pa Sandama atanyamula nthochi ndi chinangwa m'malichero akuthamangira mazenera, ndalama kuponyerana sitima itayamba kale kusuntha.

Vuto ndikuliona ine ndi lakuti mawuwa akutha chifukwa sitimayo inasiya kubwera. Kale munthu ankakwera pa Nsanje kulowera ku Beira, makamaka mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatsegulidwa mu 1935, ndipo anthu a Chisena ndi a Chimang'anja ankadzazana m'mabogi amodzi. Nkhondo ya ku Mozambique inadula njira imeneyo m'zaka za m'ma 1980, mu 1997 madzi anakokolola njanji pakati pa Bangula ndi Chiromo moti sitima inayamba kuthera pa Makhanga, kenaka madzi osefukira a 2015 anamaliziratu. Ndiye mwana wobadwira ku Nsanje boma pambuyo pa 1997 wakula akungoona nyumba ya siteshoni ndi zitsulo zomera udzu, nkhani za sitima amaziwerenga m'Chingerezi kusukulu, akafuna kuzinena m'Chichewa amangotembenuza liwu ndi liwu. Si kulakwa kwake.

Ndiye achimwene nkhani yanuyo musaifufute, ingokonzani pamene pali "ndinaphonya" muike "inandisiya", ndipo mukakhale pansi ndi amalumewo akuuzeni mmene ankatchulira gadi, woyendetsa, wodulitsa matikiti ndi bogi ya katundu, mulembe momwe akunenera iwowo ngakhale pena asakanize ndi Chisena. Mukatero munditumizire, ndikufuna kuona ngati a ku Makhanga ndi a ku Marka ankatchula mofanana.