Achimwene, musanyamuke wopanda kutsegula injiniyo ndi maso anu

Achimwene, ulendo wa pa boti wa ku Zumbo pa nyanja ya Cahora Bassa ku Mozambique mukuukambawu ine unatsala pang'ono kundipha mu Seputembala 2019, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la labala wopserera m'mimba mumandiwira. Boti langa linali ngati lanulo, la fayibala, injini Yamaha 40. Ndinamupatsa makaniko wina wa ku Songo ndalama yoti asinthe impela, kalabala kaja kamene kamakoka madzi oziziritsa injini. Anandionetsa ndi kabokosi kake, ati bwana zonse zili bwino, pitani. Munthu woipa mtima uja sanatsegule n'komwe. Kachipangizo katsopano anakagulitsa kwa wina.

Tinanyamuka ku Chicoa anthu 6, matumba a ufa, zigubu za petulo, komanso mlamu wanga ndi mwana wa miyezi 8 kumsana. Masana onse zinali bwino. Dzuwa litangolowa, tisanafike mbali za Mague, ndinacheuka n'kuona kuti injini yasiya kukodza. Mukudziwa kamadzi kaja kamatuluka kumbuyo? Kuli zii. Kenaka utsi, fungo, injini n'kuzima. Nthawi yomweyo mphepo inali itayamba, ija ya miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala, yomwe imasandutsa Cahora Bassa kukhala chilombo. Boti lopanda injini limatembenukira mafunde cham'mbali, ndiye funde lililonse limangothira m'kati. Ine ndi mphwanga tinadula chigubu ndi mpeni n'kuyamba kukapa madzi, ukakapa zigubu zitatu funde labweza zisanu. Nkhafi tinali nayo imodzi yokha, imodzi! Nangula chingwe chake chinali chachifupi, sanagunde pansi. Foni ya Movitel inalibe ndi kadontho komwe. Mphepo inatikankhira m'mitengo youma ija, yomwe inamira pamene damu linatsekedwa mu 1974, ndipo mumdima umangomva gu! pansi pa boti osadziwa ngati ndi chitsa kapena mvuu. Mlamu anali atasiya kulira, akungonena Tikuoneni Maria mobwerezabwereza. Mwana sanalire ngakhale kamodzi, ndicho chinandiopsa koposa. Tinataya matumba 4 a ufa m'madzi. Pomaliza ndinakumbatira mtengo wina n'kumangirira boti pamenepo, khungu la m'manja lonse linasupuka, ndipo tinakhala choncho mwina maola 5, boti likumenyetseka pamtengo ngati mbuzi yokana chingwe.

Anatipulumutsa ndi anyamata a kapenta. Magetsi awo aja amakokera nsomba usiku tinkawaona patali, ndinawunikira ndi tochi mpaka mabatire kutsala pang'ono kutha, mmodzi n'kutiona. Mulungu awadalitse, anangopempha fodya basi.

Makaniko uja nditamupeza anati mwina munayenda m'mchenga. Mchenga pakati pa nyanja? Titatsegula, impela inali yakale, mapiko ake atathothoka onse. Mpaka lero sanabweze ngakhale metical imodzi, ndipo ndikumva akadali kukonzabe mainjini a anthu. Dzina sinditchula muno, koma amene mumapita ku Songo mukumudziwa.

Ndiye inu, nyanjayi ndi yaitali makilomita pafupifupi 250, si kuwoloka mtsinje wa Revubue ayi. Makaniko akamasintha impela muime pomwepo, yakaleyo akupatseni m'manja, ndipo ina yatsopano muiike m'thumba pamodzi ndi mapulagi awiri, pulopela yapadera, masipanala ndi chingwe chokokera injini. Petulo wa m'zigubu za m'mbali mwa nyanja musefe ndi nsalu, muthire pang'ono m'botolo loyera, madzi akakhalamo amakhazikika pansi mumawaona. Oyilo ndi 400 ml pa malita 20 aliwonse, osati zongoyerekeza ndi maso. Mafuta muwerengere ulendo wonse kenaka muwonjezere gawo limodzi mwa magawo atatu a mafutawo, chifukwa polimbana ndi mafunde injini imamwa ngati chidakwa. Nkhafi ziwiri, chingwe cha nangula chachitali, majekete oyandamitsa okwanira aliyense kuphatikiza ana, ndipo avale, osati kukhalira. Komanso musadzaze boti, ife katundu ndi amene ankatimiza. Ndikudziwa mukuti nanga zonse watchulazi zikwana pati, zimenezo muona nokha, koma chotsani ufa osati petulo.

Usiku musayende, ndanenetsa. Kungoti nyanjayi imakhala bata mbandakucha, ndiye ine masiku ano ndimanyamuka 3 koloko kukadali mdima kuti mphepo ya masana indipeze nditadutsa pamalo potambalala paja. Ndiponso chikhala kuti zija zinachitika masana, anyamata a kapenta akanakhala ali mtulo kugombe ndipo tochi yanga sakanaiona. Muuze munthu wa ku Zumbo tsiku lomwe mukufika, kuti mukachedwa ayambe kufunsa, ife panalibe ankatiyembekezera.

Ngati botilo mwaligula kumene, liyeseni kaye maola awiri kapena atatu pafupi ndi gombe, mutalidzaza katundu ngati wa tsikulo. Impela ine ndinaphunzira kusintha ndekha, ngakhale kuti ulendo woyamba ndinaiika chogadamiza mpaka ndinakaitananso makaniko, wina osati uja.