Mamendulo a apongozi musawasiye m'manja mwa wina aliyense

Achemwali, nkhani mwafunsayi, ya kasungidwe ka mamendulo a usilikali a apongozi anu, yanditokosa pabala, moti ndikulemba mtima ukuwawa. Ine zinandionekera ndi maso angawa.

Apongozi anga aamuna anamenya nkhondo ku Vietnam mu 1RAR, gulu la asilikali a ku Australia, analipo pa nkhondo ya pa msasa wa Coral mu May 1968. Za nkhondoyo sankakamba ayi, ukawafunsa ankangosintha nkhani, koma dzina limodzi lokha silinkachoka pakamwa pawo, Richard Norden. Kamnyamata ka ku Gundagai ka zaka 19 zokha, pa 14 May adani atawabisalira kanathamangira kutsogolo zipolopolo zili waliwali, zake zitatha kanatola mfuti ya mdani, nkukakoka mkulu wa gulu lawo amene anavulala mpaka kubwera naye kwa anzake. Iyenso atavulala kwambiri anabwereranso, mpaka kukatenga magiranedi, kuti mtembo wa mnzake usatsale m'tchire. Anangomupatsa mendulo ya Distinguished Conduct Medal basi. Anabwerako nkulowa upolisi ku Canberra, nkumwalira pa ngozi ya njinga yamoto mu 1972. Victoria Cross yake, mendulo yapamwamba kwambiri ya kulimba mtima pankhondo, inadzalengezedwa pa 11 November 2024, patatha zaka 56, ndipo apongozi anga anali atapita kale osamva nkomwe.

Tsono apongozi angawo mamendulo awo ankasunga m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa wodulobu, atakulunga ndi kansalu. Chaka chawo chomaliza, pa 25 April, Anzac Day, tsiku lokumbukira asilikali ku Australia, ndinadzuka 4 koloko mbandakucha kuti tipite ku mwambo wa m'mamawa uja. Kuzizira kwake! Mkulu uja anali atameta kale ndevu, jekete atavala, wakhala pampando chifuwa chili patsogolo kudikira kuti ndiwapachike mamendulo poti zala zawo zinali zitasiya kugwira mapini. Ndakwera pa stulu, kutenga chitini, chopepuka. Kutsegula muja muli kansalu ndi kapini kamodzi kokha. Ndinagwetsa zovala zonse pansi, kukoka madirowa, kusuzumira kunsi kwa bedi, iwo akungondiyang'ana. Kenako anati “leave it, love”, nkuyamba kumasula mabatani a jekete mmodzimmodzi manja akunjenjemera. Sanalire, ndinalira ndine kubafa. Tsiku limenelo sitinapite.

Kufufuza, alamu anga, mwana wawo weniweni wobereka okha, anawagulitsa pa intaneti kuti akabweze ngongole za juga. Munthu amene sanabwerepo kudzawasambitsa bambo ake olo tsiku limodzi! Ine mkamwana wochokera kutali kuchapa, kuphika, kuthamangira kuchipatala usiku, iye kungobwera kudzaba thukuta la bambo ake, ndiye nkumati ndi tizitsulo chabe. Tizitsulo? Tinagula ena ofanizira, koma dzina ndi nambala yawo ya usilikali zinazokotedwa pa enieni aja, moti anangowagwira kamodzi nkuwakankhira pambali.

Ndiye inu jambulani mendulo iliyonse mbali zonse lero lomwe, dzina ndi nambala zioneke bwinobwino, kenako muwakhomere penapake, kiyi mukhale nayo inu. Ngati mukuona kuti kulimba mtima kwa apongozi anu sikunalemekezedwe mokwanira, kuli Defence Honours and Awards Appeals Tribunal, bungwe loona madandaulo a mamendulo a asilikali ku Australia, ndi amene anaunikanso nkhani ya Norden. Ana anu akadzavala pa Anzac Day azidzavala kumanja, kumanzere ndi kwa mwini wake yekha. Komanso musalole kuti zinthu zimenezi zikuyambanitseni ndi akuchimuna, chibale ndi fupa sichiola, ndipo mkuluyo akufuna mtendere masiku ake otsalawa. Ine alamu anga aja sindinalankhulane nawo chiikire maliro, ndipo chitini chija chikadali pamwamba pa wodulobu.