Magondola a ku Disney alibe AC, ndiye amayi akapsamo?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Manchester. Akuti analipira kale hotela ya Pop Century ku Disney World, mumzinda wa Orlando ku Florida, akupita mu Ogasiti ana akatsekera sukulu, atenganso amayi awo odwala BP ndi kamwana koyamwa, ndiye amva kuti timabokosi tolendewera pa chingwe tija, totenga anthu pa hotela kukawasiya ku paki ya zisangalalo ya EPCOT, tilibe AC (makina oziziritsa mpweya). Akufunsa ngati asinthe hotela.

Achemwali, mwandikanda pachilonda. Inetu nkhani imeneyi inatsala pang'ono kundiyambanitsa ndi bambo a ana anga, ndiye mupirire, ndifika ku funso lanu koma ndidzera kutali.

Amayi anga ndi a ku Nchalo, Chikwawa. Munthu woti wakalamba akulima dzuwa la Okutobala lili pa liwombo, kutentha kumafika madigiri 40 iwo ali phee akupalira. Atabwera kudzationa kuno ku Indiana tinati tiwatengere ku Florida akaone za Mickey Mouse zimene adzukulu awo amangokhalira kuwauza pa foni. Unali mwezi wa Julaye. Nditawachenjeza za kutentha anangoseka, amvekere "iwe, dzuwa la azungu lingandiuze chani ine wa ku chigwa?" Ndinangokhala chete poti pa manambala anali kunena zoona, Orlando mu Julaye ndi Ogasiti masana imasewera cha m'ma 33 basi, ku Nchalo amenewo ndi masewera.

Koma chimene manambala sanena ndi chinyezi. Kwathu thukuta limatuluka, kamphepo kakawomba limauma, thupi nkuzizirako. Ku Florida mpweya unakhuta kale madzi, thukuta likatuluka lilibe kopita, limangokhala pakhungu nyatanyata, malaya nkumamatira kumsana kuyambira 9 koloko m'mawa. Ukakhala pamthunzi palibe kusintha kwenikweni. Amayi anachizindikira tisanafike nkomwe pageti, anangoti "kunoku mphepo yake ndi yonyowa eti", osaonjezeranso.

Tsono bambo a kwathu anali ndi pulogalamu yawo pa foni, yoti tilowe geti likangotsegulidwa, titulukemo usiku makombola ataphulika. Ndikuwamvetsa, matiketi ake ndi ndalama zoti ukaziwerengera m'makwacha mutu umazungulira, munthu umafuna tambala iliyonse ibwerere. Vuto ndi loti amayi anga ndi achikale, sangauze mkamwini kuti ndatopa, angalolere kugwa. Akafunsidwa "amayi muli bwanji, tipitirire?" iwo "tiyeni bambo, ndili bwino ine". Cha m'ma 2 koloko masana ku paki ya Hollywood Studios ndinangoona akhala pa kakhoma ka maluwa, avula nsapato imodzi, milomo yauma gwa, akuyang'ana pansi, ndipo ana akawalankhula sakuyankha mwanthabwala ngati mwa masiku onse. Pamenepo ndinalusa. Ndinakapempha makapu a madzi a ayisi pa kauntala yogulitsira zakudya (amapereka ulere, musamagule madzi a m'botolo tsiku lonse), ndinanyowetsa chitenje nkuwaika pakhosi, nkuuza bambo aja kuti inu tsalani ndi ana, ine ndi amayi tikubwerera ku hotela.

Njira yobwerera inali magondola omwewo amene mukuwaopawo. Dzina lake ndi Disney Skyliner.

Amayi atawaona akudutsa m'mwamba anakana. "Chingwe chimenechi chikaduka?" Komanso pokwera sikaima kabokosiko, kamangoyenda pang'onopang'ono m'siteshoni iwe nkulowa, ndiye anagwira dzanja langa mwamphamvu mpaka zikhadabo kulowa. Mkati muli mabenchi awiri oyang'anizana, amati mumakwana anthu 10. Chitseko chitatsekeka, kwa kanthawi kochepa kaja tisanatuluke m'siteshoni, ndinamva kutentha ndithu, mumtima ndikuti lero ndawaphika amayi anga. Kenako kanathamanga nkukwera m'mwamba, mphepo inangoti kuthu! kulowa. Ina kumtunda kudzera m'timawindo totsegula, ina pansi kumapazi mpaka mpendero wa chitenje chawo kumapepeluka. Anasiya dzanja langa, anatsamira, anayamba kuloza magalimoto pansi akuti aoneka ngati a mawaya. Mphindi ngati 5 tinali tafika pa siteshoni ya hotela ya Caribbean Beach, pomwe pamakumana mizere yonse ya magondola, ndipo munthu amene anatsika sanali yemwe anakhala pa kakhoma uja.

Ndiye mukamva zoti mulibe AC, inde ndi zoona mulibe, koma sikuti anaiwala. Skyliner inatsegulidwa pa 29 Seputembala 2019, inamangidwa ndi kampani ya ku Austria ya Doppelmayr, yomwe ntchito yake yaikulu ndi zingwe zokwezera anthu m'mapiri a chisanu. Timabokosi tilipo pafupifupi 300. Chingwe chija ntchito yake ndi kukoka basi, si waya wa magetsi, ndiye kuti muike AC m'kabokosi kalikonse ndiye kuti kalikonse kasenzenso mabatire akuluakulu, kulemera, kutchaja, kukonza zikafa, komanso zitseko zimatseguka pa siteshoni iliyonse kuzizira konse nkuthawa. Anasankha kuti kuyenda kwa kabokosiko ndiye kukhale feni. Kamathamanga cha pa makilomita 18 pa ola, magalasi ake ndi obweza dzuwa, ndipo tina anatikuta ndi zithunzi za akatuni zomwe zimatchinga kuona bwino kunja.

Aliyense amene anakwerapo minibasi ya ku Limbe mu Novembala akudziwa kale sayansi yake. Ikamayenda mawindo ali otsegula aliyense ali bwino, ikaima pa siteji kondakitala akuitanira anthu awiri otsala mpamene mumayamba kupemphera. Skyliner ndi chimodzimodzi, ndipo imaima. Nthawi zambiri ndi kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, mwina wina akuvutika kukwera pa siteshoni, kenako mawu amalankhula pa sipika kuti musadandaule tinyamuka posachedwa. Ikaima mphepo imatheratu nthawi yomweyo ndipo dzuwa likakhala pamutu mumayamba kulimva. Sindikunamizani kuti nzokoma.

Chimene chinaopseza anthu kwambiri ndi cha pa 5 Okutobala 2019, patangotha masiku ochepa itatsegulidwa. Timabokosi tinapanikizana pa siteshoni ya Riviera, mzere wonse wa ku EPCOT unaima, anthu ena analendewera m'mwamba pafupifupi maola 3 mpaka ozimitsa moto kubwera kudzatsitsa ena. Mwayi wake unali usiku. Zikanakhala 1 koloko masana mu Ogasiti nkhani ikanakhala ina, ndipo amene amadandaula za AC akamatchula zimenezi ine sindiwatsutsa. Pansi pa benchi pamakhala kabokosi ka zangozi, muli timapaketi ta madzi akumwa, kandodo kowala ndi timatumba todzithandizira zikavuta, komanso mu gondolamo muli batani loimbira ogwira ntchito. Koma abale, chochitika cha usiku umodzi mu 2019 chisakulamulireni tchuthi chonse.

Chimene chimandinyansa ine nchakuti anthu amathera mphamvu zonse kukangana za mphindi 5 kapena 12 za m'mwamba, osakambapo za maola 10 apansi. Pansi mpamene pali moto. Konkire imatentha mpaka kulowa m'nsapato, mizere ya padzuwa, kuyenda kuzungulira nyanja ya ku World Showcase mkati mwa EPCOT komwe mthunzi ndi wosowa. Munthu wamkulu sakomoka mu gondola, amafika mu gondola atatha kale chifukwa ana ake amukoka tsiku lonse pofuna kubweza ndalama ya tiketi. Ndikunena ife tomwe a kunja kuno. Timaitanitsa makolo, timawagulira ma sneaker atsopano oti sanawazolowere, nkumawayendetsa ngati asilikali kuti tijambule zithunzi za pa Facebook zoti anthu kumudzi aone kuti mayi wafika ku America. Iwo poopa kuoneka osayamika amangoti tiyeni. Ndipo ndikamaganizira bwino, AC yomweyo imatipusitsa, timaganiza kuti poti tilowa m'sitolo yozizira mphindi zitatu ndiye kuti thupi labwerera m'malo. Silinabwerere, likufuna madzi ndi kukhala pansi.

Komanso amayi anga AC amadana nayo, izi ndiye zinandiseketsa. M'mabasi a kumeneko amaika kuzizira koti munthu wotuluka thukuta ukalowa umanjenjemera, iwo ankanyamula juzi m'chikwama chifukwa cha basi, mu Julaye, ku Florida. Akuti "mphepo ya makina imandilowa m'mafupa". Mpaka lero akamakamba za ulendowo kwa anzawo a Mvano, za Mickey satchula nkomwe, amakamba za "kandege ka chingwe". Madzulo ena tinangokwera popanda kopita, kupita ku EPCOT nkubwerera, poti kukwera kwake ndi kwaulere, safunsa tiketi ya paki kapena kiyi wa hotela. Nthawi imeneyo dzuwa litapendeka ndiye mumakoma zedi.

Ndisaiwale, aka sikoyamba Disney kukhala ndi zoterezi. Ku paki ya Magic Kingdom kunali Skyway, tizidebe totsegula m'mbali tokhala ndi kadenga, anaitseka mu 1999, ya ku Disneyland ku California inatsekedwa mu 1994. Anthu anakwera zaka zambirimbiri popanda AC. Kungoti pano tinazolowera kuti chilichonse chokhala ndi chitseko chizizizira.

Za mvula ndi ziphaliwali

Ichi ndiye chimene chingakusokonezeni kuposa kutentha, ndipo simunachifunse. Miyezi ya Juni mpaka Seputembala ku Orlando masana ambiri kumagwa mvula ya mabingu, imabwera mwadzidzidzi cha kumasana kapena chakumadzulo, nkusiya. Kukangoyandikira ziphaliwali Skyliner amaitseka, amatsitsa anthu m'masiteshoni nkubweretsa mabasi. Ndiye mukhoza kutuluka ku EPCOT mutatopa, mukuganiza kuti pakangotha kanthawi muli pabedi, nkupeza chingwe chili zii, khamu lonse likulowera kokwerera basi, komwe kuli kutsogolo kwa paki pomwe siteshoni ya Skyliner ili kumbuyo ku International Gateway. Kwa munthu wa miyendo yotopa mtunda umenewo si wamasewera. Muziyang'ana kumwamba, mitambo ikayamba kuda bii nyamukani msanga kapena khalani pansi penapake mudye, mudikire ipite. Ogasiti ndi nyengonso ya anamondwe kumeneko, inshuwalansi ya ulendo musaisiye.

Bambo a kwathu mpaka pano amati ndinawachititsa manyazi tsiku lija pamaso pa apongozi awo. Ine ndimati bola manyazi. Masiku otsatirawo tinasintha, m'mawa kupaki, masana ku hotela amayi agone ana asambire, madzulo kubwereranso, ndipo zimenezi zimatheka bwino chifukwa cha Skyliner yomweyo, poti simudikira basi, timabokosi timangobwera motsatizana. M'mawa kwambiri pa Pop Century ndi pa Caribbean Beach mzere umatalika, koma umayenda.

Za kamwanako, ngati sikanakwane miyezi 6 ndipo kakuyamwa, musakapatse madzi, kayamwitseni pafupipafupi basi, inuyo ndi amene muzimwa kwambiri. Musaphimbe kangolo kake ndi nsalu poteteza dzuwa, mkatimo mumasanduka ng'anjo. Paki iliyonse ili ndi Baby Care Center yozizira bwino yoyamwitsira ndi kusintha matewera, komanso First Aid yokhala ndi manesi, amayi akangoti mutu ukupweteka kapena chizungulire pitani nawo musadikire kuti anene kawiri. Asananyamuke akaonane ndi dokotala wawo, mankhwala ena a BP ndi okodzetsa ndipo m'kutentha kotere madzi amatha msanga m'thupi.

Ndiye hotela musasinthe achemwali. Kuchoka pa Pop Century kufika pa Caribbean Beach ndi mphindi zosakwana 5, pamenepo mumatsika nkusintha, wa ku Hollywood Studios mphindi ngati 5, wa ku EPCOT ndiye wautaliko, 11 kapena 12 kudutsa pa Riviera. Ku Magic Kingdom ndi ku Animal Kingdom mupita pa basi ya AC. Kwerani m'mawa ndi madzulo, mulowe ndi botolo lodzaza ndi kafeni ka m'manja kotchaja, timawindo tonse tikhale totsegula. Kangolo ka mwana mmodzi kamalowa osapinda. Amayi akamavutika kulowa kabokosi kakuyenda uzani ogwira ntchito, pa masiteshoni ambiri pali mbali ina pomwe kamaima chiimire kuti a njinga za olumala akwere mosathamanga. Ndipo nsapato avale zakale zomwe anazolowera, zatsopanozo akavalire ku tchalitchi.