The War of the Worlds: filimu ya 1953 kapena ya 2005?

Wina wanditumizira imelo kufunsa kuti pa mafilimu awiri a The War of the Worlds, ya 1953 ndi ya 2005, yotsatira bwino buku ndi iti. Wafunsanso ngati mathero aja, oti adani amphamvu chonchi ochokera kumlengalenga angofa ndi majeremusi, si ulesi wa wolemba. Funso lachiwirili ndi limene landiutsa, ndiye ndiyambira pomwepo.

Si ulesi ayi. H. G. Wells, amene anatulutsa bukuli mu 1898, anatchera mathero amenewa pa tsamba loyamba penipeni, pomwe akuti zolengedwa za ku Mars zinkatiyang'ana ngati mmene munthu amaonera tizilombo ta m'dontho la madzi pa maikulosikopu. M'mutu womwewo akukumbutsa Angelezi anzake zimene azungu anachita kwa eni nthaka a ku Tasmania m'zaka 50 zokha. Cholinga chake n'choti ufumu umene unkalanda maiko a eni nawo ulaweko kuwawa kwake, pakhomo pawo pomwe, m'tauni ya Woking ndi ku London. Msilikali wa Britain akanapeza chida chopambanira, buku lonse likanakhala lopanda ntchito.

Ndiye poyerekezera musawerenge miyendo ya makina ankhondo a adaniwo, amene m'buku amayenda ndi miyendo itatu. Muone chimene filimu yachita ndi kugonja kwa munthu.

Ya 1953, imene anatsogolera Byron Haskin ndipo mkulu wake anali George Pal, inasamutsira nkhani ku California. Miyendo itatu ija anaisiya chifukwa kuiyendetsa bwino pa kamera kunali kovuta, m'malo mwake anapanga makina ouluka a mkuwa, olendewera pa mawaya. Inapata mphoto ya Oscar chifukwa cha luso limeneli, ndipo n'zomveka. Vuto lili pena. Anawapatsa makinawo chishango chosaoneka, moti ngakhale bomba la atomiki silikuwakanda n'komwe. M'buku si choncho: mizinga ikugwetsa makina amodzi pafupi ndi mudzi wa Shepperton, sitima yankhondo ya Thunder Child ikuwononga ena isanamire, ndipo adaniwo akaona kuti akupwetekeka akusintha njira n'kuyamba kuthira utsi wakuda wapoizoni. Mdani wophunzira amaopsa kuposa mdani wosakhudzika, chifukwa amakupatsa kachiyembekezo kenako n'kukalanda.

Choipitsitsa ndi nkhani ya m'busa. Wa m'buku ndi wamantha, wodya chakudya cha mnzake, wofuula mpaka wofotokoza nkhaniyo akumumenya kuti akhale chete, zolengedwazo n'kumutenga. Wa mu 1953 ndi ngwazi yoyenda molunjika kwa makina ikunena Salimo 23, ndipo filimu ikuthera m'tchalitchi anthu akupemphera. N'zoona kuti Wells anatchula Mulungu ponena za mabakiteriya aja, koma anafotokozanso chifukwa chake: matupi athu anazolowera tizilomboti kudzera mu imfa za makolo osawerengeka, pomwe ku Mars kunalibe. Filimuyo inasunga mawu a Mulungu, chifukwa chija n'kuchichepetsa. Kwa ine uku ndi kulitembenuza buku chadodolido.

Steven Spielberg mu 2005 anabweza zambiri: miyendo itatu, zomera zofiira zoyanga paliponse, kuyamwa magazi a anthu, ndiponso munthu wamba wosadziwa zimene akuluakulu a boma akukonza. Tom Cruise ndi Ray Ferrier, woyendetsa makina onyamula makontena padoko ku Brooklyn koma wokhala ku New Jersey, ndipo zimene sakuona iye nafenso sitikuziona. Phulusa la anthu lomwe lamudetsa kumaso ndi zithunzi za osowa zomatidwa pamakoma n'zochokera ku mantha a pa 11 Sepitembala 2001, pomwe zigawenga zinagwetsa nyumba zosanja ku New York. Tim Robbins, monga Ogilvy, munthu amene akubisa Ray m'chipinda chapansi, wanyamula anthu atatu a m'buku: dzina ndi la katswiri wa zakuthambo, maloto okumba ngalande ndi a msilikali, misala ya m'chipinda chapansi ndi ya m'busa. Pamenepo anakhoza. Koma zoti makina anakwiriridwa pansi kalekale zikuphwanya mathero, pakuti amene anabwera kudzakwirira sakanalephera kudziwa za majeremusi athu. Chishango chija nayenso anachisunga. Ndipo mnyamata Robbie, mwana wa Ray, wothamangira kumoto, kukapezeka wamoyo ku Boston, ayi ndithu, pamenepo Spielberg anachita mantha ndi filimu yake yomwe. Agogo oima pakhomo ku Boston kuja ndi Gene Barry ndi Ann Robinson, akatswiri a mu filimu ya 1953.

Yankho lanu

Yotsatira buku kwambiri ndi ya 2005. Yambani mwawerenga mutu woyamba ndi mitu ya m'nyumba yogumuka mmene wofotokoza nkhani akubisala ndi m'busa uja, kenako muonere ya 2005, ya 1953 ibwere pomaliza. Ya 1953 mufune kope lokonzedwanso mu 2018, chifukwa pa ma DVD akale mawaya aja amaonekera poyera.