Musatumize dipoziti musanakumane ndi mwini nyumba

Achemwali, mafuno abwino pa ntchito yatsopanoyo. Ndawerenga zomwe mwalemba, kuti mukuyamba ntchito pakatha masabata atatu mumzinda womwe simuudziwa, mukufuna kanyumba ka zipinda ziwiri kosaboola mthumba, ndiye pali ejenti wina wakutumizirani zithunzi pa WhatsApp akuti mutumize dipoziti lero lomwe chifukwa anthu akuilimbirana. Ine ndiyankhapo kwambiri za ejentiyo chifukwa zinandionekerapo, mpaka pano ndikazikumbukira mtima umandiwawa.

Musatumize. Olo theka, olo kangachepe koti akusungireni malo. Ndaona ena akukuuzani kuti ingotumizani pang'ono muone ngati ali wachilungamo, chonde zimenezo musamvere, ndalama yoyesera munthu siibwerera. Mawu oti "pofika madzulo ikhala itapita" amanena onse amene akufuna kukudyerani, akudziwa kuti muli kutali, muli ndi deti yoyambira ntchito, mukuopa kukagona panja, nde akufuna mulipire musanaganize bwino.

Zanga zinayenda chonchi. Nditapeza ntchito yanga yachiwiri ndinasamuka ngati inuyo, ndipo ine nyumbayo ndinapita kukaiona ndi maso anga, sizinali za zithunzi ayi. Bambo amene anandionetsa anali ndi makiyi, anatsegula geti yekha, anandizungulitsa zipinda zonse, ankadziwa mpope womwe umadontha, chitseko chomwe chimavuta kutseka, mpaka galu wa aneba ankamuitana dzina. Anati nyumbayo ndi ya malume ake omwe ali kunja ndipo iye ndi amene amaiyang'anira. Lendi yomwe anatchula inali yotsika ndithu kusiyana ndi nyumba zina zomwe ndinaona tsiku lomwelo, koma anati ndilipiretu miyezi itatu kuti apeze yogulira penti. Ndinakongola kwa achimwene anga, ndinaphatikiza ndi kanga komwe ndinkasunga, ndinamupatsa pamanja, iye nkung'amba pepala mu kope nkulemba kuti walandira nkusaina. Tsiku losamuka ndafika ndi katundu pa lole, ndapeza pa geti paima kale lole ina, bambo ndi mayi ndi ana awiri, nawonso atenga kapepala kofanana ndi kanga, geti ili ndi loko watsopano. Mwini nyumba weniweni atabwera anatiuza kuti bambo uja anali tenanti wake, anamupatsa notisi chifukwa cha ngongole ya lendi ndipo anali atatsala ndi sabata imodzi kuti atuluke. Sabata imeneyo ndi yomwe anatidyera tonse awiri. Foni yake inali itazima kale, dzina lomwe anasaina pa kapepala linali lopeka, tinakanena kupolisi koma munthu wopanda dzina ukamupeza kuti? Mayi uja analira pa geti pompo, ana ali pamwamba pa matiresi mu lole, chithunzi chimenecho sichimandichoka.

Ndinagona pabalaza pa mnzanga wa kuntchito yemwe ndinali nditangomudziwa masiku anayi, masabata asanu athunthu, katundu wanga ali mu garaja ya munthu wina. Ngongole ya achimwene ndinamaliza kubweza patatha miyezi 7.

Nde mwaona, ine ndinalowa mnyumbamo ndinagwira makoma koma ndinaberedwabe, nanga inu amene mwangoona zithunzi? Zithunzi munthu amatha kungotenga pa Facebook za nyumba ya mzinda wina. Makiyi nawonso sasonyeza kuti munthu ndi mwini, tenanti ali nawo, mlonda ali nawo, wopenta ali nawo. Chomwe mukufuna ndi kukumana ndi mwini nyumba maso ndi maso. Mupempheni chiphaso chake mwaulemu, muone ngati dzina likufanana ndi lomwe lili pa bilu ya madzi kapena ya magetsi. Mukatero tulukani nokha, ejenti atsale, mukagogode kwa aneba awiri osiyana mufunse kuti kodi nyumba iyi ndi ya ndani, amene amakhalamo anatuluka liti, anatulukiranji. Ine ndikanangofunsa mayi a nyumba yoyandikana funso limodzi lokhalo bwenzi ndalama yanga ilipo, safunsa anadya phula. Akakuuzani kuti mwini ali kunja, pakhale kalata yomupatsa munthuyo mphamvu yochititsa lendi, mulankhule ndi mwiniyo pa video call, ndipo aneba avomereze kuti nkhope imeneyo ndi yake. Polipira musapereke pamanja kwa ejenti, tumizani ku banki kapena pa foni ku akaunti ya dzina la mwini nyumba kuti umboni utsale, risiti mulandirenso.

Sindikunena kuti ma ejenti onse ndi akuba, alipo abwino ndipo amapulumutsa nthawi. Wabwino amakhala ndi ofesi yomwe mungapite, amakuuzirani komishoni yake musanayambe kuzungulira, ndipo amalandira mukasaina ndi kutenga makiyi. Amene ndimadana nawo ndi aja amakulipiritsa yoonera nyumba iliyonse, nkukakuonetsa nyumba zitatu zoti munthu sangakhalemo, ndalama yawo apeza kale pa kuonetsako. Gwirizanani poyamba kuti yoonerayo ndi zingati ndipo ndi ya nyumba zingati.

Tsopano chomwe ndingakulangizeni ndi mtima wonse ndi ichi: mwezi woyamba musafune nyumba yokhazikika. Pezani pogona pongoyembekezera, kaya chipinda chimodzi, kaya kwa wachibale, kaya kugawana ndi mnzanu wa kuntchito mukuthandizana lendi, katundu wolemera mumusiye kaye komwe muliko mupite ndi zovala ndi zofunda basi. Zimaoneka ngati kuwononga ndalama koma ndi zotchipa kusiyana ndi kulowa mnyumba yolakwika utalipiratu miyezi itatu. Imbirani kuntchito kwanuko pompano muwauze kuti mukuchokera kutali, mufunse ngati pali thandizo la kusamuka kapena adivansi ya salare, malo ena amapereka koma sauza munthu asanafunse. Mukayamba ntchito uzani aliyense kuti mukufuna nyumba, osati mabwana okha, alonda, madalaivala, oyeretsa mu ofesi, amenewo ndi omwe amadziwa komwe munthu akutuluka kumapeto kwa mwezi. Nyumba zabwino zotchipa nthawi zambiri sizifika pa intaneti, tenanti akamatuluka amauza mnzake, landilodi nayenso amakonda munthu wobwera ndi wina yemwe akumudziwa. Ine yomwe ndinakhalamo zaka zinayi anandipezera ndi mlonda wa kuntchito, popanda komishoni, ndinangomuthokoza ndi kangachepe. Loweruka valani nsapato zoyendera muzungulire wapansi madera omwe ali pafupi ndi kuntchito, nyumba yopanda makatani mufunse.

Za mtengo, ine ndimati lendi isapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a salare yomwe imafika mmanja atadula msonkho, ena amati 30 peresenti, ndi chapompo. Musawerengere salare ya pa kalata yolembedwera ntchito, imeneyo siifika yonse. Polowa konzekerani ndalama yokwana lendi ya miyezi iwiri kapena itatu, pena kuposa, chifukwa pali dipoziti, pali yolipiratu, kenako lole, makatani, mababu, maloko, tinthu tating'ono timeneti timadya ndalama modabwitsa, chonsecho salare yoyamba ibwera kumapeto kwa mwezi ndipo mukayamba mochedwa dzina lanu likhoza kudikira mwezi winawo. Ndipo musachite manyazi kunenerera, landilodi amene nyumba yake yakhala mwezi yopanda munthu amamva, makamaka mukamuonetsa kalata ya ntchito.

Amene akuti pitani kutali ndi tauni nyumba ndi zotchipa sakunama, koma sakukuuzani za thiransipoti. Pa mwezi masiku ogwira ntchito ndi pafupifupi 22, kupita ndi kubwera ndi maulendo 44, ngati mukukwera kawiri kuti mukafike ndi maulendo 88. Chulukitsani ndi mtengo wa ulendo umodzi muphatikize pa lendi, mupeza kuti nyumba ija yotchipa yafanana ndi yapafupi yomwe munaikana, kuwonjezera apo kudzuka 4 koloko ndi kufika kunyumba kutada muli nokha. Yesani ulendowo tsiku la ntchito mmawa, osati Lamulungu masana misewu ili pululu.

Mukapeza yomwe mwaikonda musatengeke ndi penti, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Khoma likapentedwa mmunsi mokha dziwani kuti mwina akubisa chinyontho, yang'anani siling'i ngati ili ndi zipsera za madzi, tsegulani makabati mununkhize, fungo la nkhungu silibisika. Tsegulani mipope yonse, fulashani toileti, yatsani magetsi chipinda chilichonse, onani ngati foni ikugwira netiweki mkatimo. Aneba omwe aja afunseni kuti madzi amatuluka nthawi yanji ndipo mvula ikagwa yambiri amadutsa kuti, chifukwa nyumba zina zimatchipa nthawi ya dzuwa pa chifukwa chomwe mudzachidziwe mvula ikayamba. Mubwerenso usiku mudzamve phokoso, muone ngati njira yochokera pa siteji ili ndi kuwala.

Mita ndi nkhani ina yomwe imadanitsa anthu. Ngati mita ya magetsi kapena ya madzi ndi imodzi nyumba zingapo, funsani kagawidwe kake musanalowe, apo ayi muzilipirira ayironi ndi mbaula zamagetsi za ena inu mukuswera kuntchito tsiku lonse. Funsaninso ngati tenanti wakale anasiya ngongole ya madzi, muone bilu yomaliza, chifukwa akabwera kudzadula samafunsa kuti anagwiritsa ntchito ndi ndani. Landilodi akamakhala pa mpanda womwewo mufunsiretu za alendo ndi nthawi yotseka geti, ena ndi anthu abwino kwambiri koma ena amafuna kudziwa aliyense wolowa.

Zonse mwagwirizana zilembedwe, olo pa tsamba limodzi, nonse musaine aliyense atenge lake: lendi ndi zingati, imalipiridwa pa deti yanji, notisi ndi ya nthawi yayitali bwanji mbali zonse ziwiri, lendi ingakwere pakatha nthawi yanji, denga kapena mpope zikaonongeka akonza ndani, dipoziti idzabwezedwa bwanji. Tsiku lolowa, katundu asanatsike, jambulani vidiyo ya nyumba yonse, galasi losweka, matailosi ong'aluka, manambala a pa mita, nkumutumizira landilodi tsiku lomwelo kuti deti ioneke. Potuluka ndi pomwe mudzaione ntchito yake, dipoziti zambiri zimathera pa zinthu zoti unazipeza zili zoonongeka kale. Maloko a zitseko zakunja sinthani mutamuuza landilodi, simukudziwa kuti makiyi akale ali ndi anthu angati.

Ejenti wanuyo muyankheni lero kuti mubwera Loweruka kudzaiona nyumbayo, mukufuna mwini wake adzakhalepo ndi bilu ya madzi, ndipo mudzalipira ku akaunti ya mwiniyo mukasaina. Akavomera pitani ndi munthu wina, musapite nokha. Akayamba zoti mwini watanganidwa, kapena zoti mutumize kaye theka, mubulokeni basi muimbire kuntchito kwanu za pogona pa mwezi woyamba.