Ndinalira zenizeni pa siteji, anthu n'kumawomba m'manja

Achimwene, mwakanda pachilonda chomwe ndimayesa kuti chinapola. Mwati gulu lanu la zisudzo likukonza chikondwerero chokwanitsa zaka 10. Zaka 10 si masewera, ndakunyadirani, magulu ambiri amatha asanafike n'ziwiri zomwe chifukwa chokanganirana ndalama zapakhomo. Koma zoti pa tsiku la chikondwererocho mukwere pa siteji opanda cholemba, aliyense azingopeka pomwepo, imani kaye mumve zanga.

Ife tinkakondwerera zaka 5. Tinkayeserera Lachiwiri ndi Lachisanu madzulo m'kalasi ina kuno ku Ndirande, ndipo sitinalembepo sewero n'kamodzi komwe. Kugwirizana mutu, kugawana mbali, basi. Tonse tinakula tikumvera Kapalepale pa MBC, tinkasunga timakobidi kuti tikaonere gulu la zisudzo la Kwathu ku French Cultural Centre, ndiye mnyamata aliyense m'gulumo ankadziona ngati Izeki kapena Jakobo.

Sewero lake linali la kulanda katundu wamasiye. Ine namfedwa, mkulu wa gulu lathu mlamu wodzalanda. Tinapangana bwinobwino: iye alowe, awerenge katundu, wayilesi, njinga, mashini osokera, ine ndidandaule, kenako amfumu abwere adzaweruze. Holo inadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. Mzere wakutsogolo kunali apongozi anga, amayi amvano anzanga, ndi mwana wanga wamkazi, nthawi imeneyo ali Sitandade 6, atavala diresi yake ya Khirisimasi.

Ndinagwada pa simenti, duku lakuda kumutu, ndinvekere, "Alamu, sabata siinathe chiikireni mbale wanu m'manda, ndisiyireniko mashiniwa ndizidyetsera ana." Munthu uja sanandiyang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa anthu, n'kukweza mawu: "Mbale wanga uti? Mwamuna wako sanafe iwe, ali ku Joni, anakuthawa chifukwa cha ngongole za banki mkhonde!" Ananditchula dzina langa lenileni. Abale, zinali zoona. Bambo a kunyumba anali atatha zaka ziwiri ku Johannesburg osaimba foni, ndipo ngongoleyo ndinali nayodi. Ndinamuuza iyeyo yekha, kuseri, tsiku lomwe ndinkapempha kuti andikhululukire chopereka cha pamwezi cha gulu.

Holo yonse phwete. Malikhweru. Wina kumbuyo anakuwa kuti "bweza ndalama za eni!" Ine ndili chigwadire, maondo akuwawa, m'kamwa gwa, manja akunjenjemera pa chitenje. Ndinkafunafuna mawu oti ndibwezere nkhani m'malo mwake, mutu unangoti zii. Misozi inayamba kutsika yokha, yeniyeni, ndipo anthu anayamba kuwomba m'manja poganiza kuti ndi luso. Mnyamata yemwe anali mfumu anaima pakhomo ndi litchowa m'manja, osadziwa kuti alowe kapena ayi, poti adzaweruza mlandu wanji wakufayo atauka? Ndinaona apongozi anga akunyamuka pang'onopang'ono, kukonza chitenje, kugwira mdzukulu wawo dzanja, n'kutuluka. Chithunzi chimenecho sichinandichoke.

Titamaliza, munthu wake akuwerenga ndalama zapakhomo, akuti, "Mesa ndi improv, mayi? Anthu aseka, mwadandaula chiyani?" Ngakhale pepani wapakamwa. Mpaka lero akuyenda m'tauni muno akudzitcha katswiri wa nthabwala, akuphunzitsa ana a eni. Katswiri wa chiyani? Munthu woti mnzake wagwada pamaso pake iye maso ali kwa anthu, akusaka kuseketsa yekha! Chimene anachitacho si improv, kupeka pa siteji kuja, ayi, ndi umbombo, ndipo anzanga ena omwe ankaseka naye kuseri aja ndinawakhululukira mochedwa kwambiri.

Chifukwa lamulo loyamba la kupeka pa siteji ndi lakuti mnzako akabweretsa chinthu, uvomere kaye, kenako uwonjezerepo chako. Ndikati mwamuna wanga wafa, wafa basi. Ukhoza kunena kuti anafa ali ndi ngongole ya mbuzi zitatu, ukhoza kunena kuti anakulonjeza mashiniwo ali m'chipatala, zonsezo zikukankha nkhani kupita kutsogolo. Koma ukamuukitsa wapha sewero lonse kuti anthu aseke kamodzi. Kumbukirani malemu John Nyanga (Izeki) ndi Eric Mabedi (Jakobo), wina anatisiya mu 2016, mnzake mu 2021. Tinkaseka mpaka nthiti kuwawa chifukwa ankamverana. Izeki akaponya, Jakobo amawakha n'kubweza. Anyamata athu anatengako kukuwa ndi kavalidwe, kumvetserako anakusiya.

Musandimve molakwa, ine kupeka ndi komwe kunandipanga kukhala wa zisudzo. Woloweza pamtima yekha amangodikira mzere wake, sakumva zomwe mnzake akunena. Magetsi akazima pakati pa sewero, chidakwa chikayankha kuchokera kumbuyo, mnzako akaiwala mawu, woloweza amauma ngati chitsa. Ndinazionera ndekha m'gulu lomwe ndinalowa pambuyo pake: mtsikana wina wochokera ku mipikisano ya ATEM ya zisudzo za Chingerezi m'masukulu, Chingerezi chake chokoma, anaiwala mzere n'kuima maso tong'o, ndipo ndinamupulumutsa pongomufunsa kuti, "Mwanawe, ukuopa kundiuza kuti kalatayo waiwerenga?" Anakumbukira pomwepo, oonera sanadziwe kanthu. Komanso a Travelling Theatre a ku Chancellor College ku Zomba akanatha bwanji kuchita masewero m'midzi, anthu akumudzi akuyankhira ndi kulowerera, akanakhala omangika ku pepala? Ndiye yesererani kupeka sabata iliyonse, awiriawiri, wina asakane chomwe mnzake wayambitsa.

Koma pa tsiku la zaka 10, achimwene, lembani. Lembani zonse, mzere ndi mzere, ndipo wopatuka pa pepala asadzakwerenso siteji yanu. Tsiku ngati limenelo kumabwera achibale, kumabwera abusa, mafoni ali m'mwamba kujambula, ndipo ndi pomwe odzikonda amapenga. Ngati mtima wakana ndithu, siyani gawo limodzi lokha lopeka, la mphindi 10, mupatse anthu awiri okhawo omwe mukudziwa kuti amakondana. Mugwirizane pamaso pa onse kuti za kunyumba kwa munthu, matenda ake, banja lake, ngongole zake, dzina lake lenileni, sizikwera pa siteji. Musankhenso mawu amodzi oti wina akawatchula, mnzake adziwe kuti wapyola malire, abwerere. Ndipo mkulu wa gulu, yemwe anthu amamuuza zakukhosi, tsiku limenelo asatenge mbali, akhale pakhomo azilandira alendo.

Mwana wanga uja pano ndi wamkulu, ali ku koleji. Chichokereni m'holo muja sanabwerenso kudzandionera, ngakhale nditamugulira tikiti.